Nkhani za boda tiziike pamalo amodzi

Anzathu a geni ndi inu madalaivala, tikambirane za mafoni athuwa. Ambirife tili m'magulu a WhatsApp ambirimbiri, kuwonjezera Facebook ndi TikTok. Mauthenga amagwa ngati mvula, koma tsiku lonyamuka ku Joni tikafunsa kuti ku Beitbridge kuli bwanji, aliyense amanena zake.

Ulendo wina ife tinagona masiku awiri ku Mayfair katundu titamanga kale, chifukwa cha voice note yoti msewu wa ku Tete watsekedwa. Kenako tinadzamva kuti inali yakale, ya nthawi ya zionetsero za chisankho cha 2024 ku Mozambique. Wina anangoidzutsa. Ndalama inathera pogona, kasitomala wa ku Limbe anakagula kwina.

Chiyambire pamenepo, maganizo athu ndi akuti nkhani za ntchito zikhale pazokha, za macheza pazokha. Sipafunika foni yodula.

Pa Facebook pali malo otchedwa Favourites, olola anthu kapena masamba 30. Ikanimo tsamba la Border Management Authority ya kuno ku South Africa, la SARS, la ZIMRA ya ku Zimbabwe, la MRA ndi la Reserve Bank of Malawi. Mukalowa pa Feeds n'kusankha Favourites, muona zawo zokha, popanda mpira ndi miseche. Kumbukirani Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti: ena mwa ife tinamva mochedwa, n'kugulitsa pa mtengo wakale katundu wogula ndi randi.

Pa WhatsApp, chitani pin magulu atatu okhudza njira yanu, kaya ya Nyamapanda ndi Mwanza kapena ya Chirundu. Magulu aphokoso aponyeni ku Archive.

Ena anena kuti maofesi amachedwa kulengeza, dalaivala amene ali pamzere ndiye amayamba kudziwa. Zoona zimenezo, n'chifukwa chake magulu sitikuwataya. Koma tigwirizane: wotumiza nkhani ya msewu alembe malo, tsiku ndi nthawi. Popanda zitatuzi, tisaipititse kwa ena. Nkhani yaikulu ngati kutsekedwa kwa boda kapena kusintha kwa msonkho, tiyambe taifunafuna kwa eni ake, kapena tiimbire munthu amene ali pamalopo.

Chenjezo: kuli ma app olonjeza kukusonkhanitsirani zonse pamodzi, koma amafuna password yanu. Musapereke. Nambala zisanu ndi imodzi zija za WhatsApp zobwera pa SMS musauzenso munthu, ngakhale atati ndi admin. Akaunti ikabedwa, akubawo ayamba kupempha ndalama makasitomala anu m'dzina lanu.

Konzani foni usiku uno musanakwere basi ku Park Station, ndipo muthandizeko amayi amene mwakhala nawo pafupi. Muyende bwino, Mulungu atsogole.