Kamng'alu pa Galasi la Galimoto: Tisakanyozere

Sabata ino tiyambe taika pambali za kukhitchini, tikambirane za galasi la kutsogolo kwa galimoto. Ena mudzati nkhani imeneyi ndi ya abambo. Koma kumbukirani kuti magulu athu ambiri amabwereka galimoto yopita ndi tomato kapena chimanga kumsika, ena mwa ife tili ndi galimoto pakhomo, ndipo ana athu amakwera minibasi tsiku ndi tsiku. Galasi likaonongeka, ndalama yogulira lina imachoka m'thumba lomwelo logulira ufa ndi sopo.

Choyamba tidziwe mmene galasili linapangidwira. Ndi magalasi awiri omatidwa pamodzi, pakati pake pali pulasitiki yopyapyala yoonekera. Nzeru imeneyi inachokera kwa katswiri wa ku France, Édouard Bénédictus, amene anailembetsa m'chaka cha 1909. N'chifukwa chake mwala ukaligunda, kawirikawiri limabenthuka kunja kokha, osamwazika. Magalasi ambiri a m'mbali ndi ena: akasweka amayoyoka ngati mchere wamiyala, ndipo sakonzedwa.

Mwala wothamangitsidwa ndi tayala la lole ukasiya kachibenthu, chitanipo kanthu tsiku lomwelo. Pukutani pamalopo ndi nsalu youma, ndi kumatapo selotepi yoonekera kuti fumbi ndi madzi zisalowe. Dothi likalowa m'mng'alu silituluka, ndipo ngakhale mmisiri atakonza, banga limatsala. Musathire madzi ozizira pa galasi lotentha ndi dzuwa la mu Okutobala, kapena madzi otentha m'mawa wozizira wa mu Juni, pakuti galasi limafutukuka ndi kukhwinyata ndipo mng'alu umathamanga. Kumenyetsa chitseko ndi kuthamanga pa msewu wa mabampu kumaukulitsanso. Musapakepo supagulu kapena mankhwala opaka zikhadabo. Zimenezi zimangotseka pakamwa pa mng'alu, mankhwala enieni n'kulephera kulowa.

Nanga mmisiri amakonza motani? Amayamba wachotsa tizidutswa ta galasi ndi kuumitsa pamalopo. Kenaka amakhazikapo chipangizo chonga jekeseni, chimene chimayamwa mpweya wa m'mng'alu ndi kukankhiramo utomoni wapadera woyera ngati madzi. Ntchitoyi imachitikira pamthunzi, chifukwa utomoniwu umauma ndi kuwala kwa dzuwa. Ukadzaza bwino, amaphimbapo kapulasitiki ndi kuunikapo nyali yake yapadera, kapena kutulutsa galimoto padzuwa. Ukauma amapalapo ndi lezala mpaka pasalale. Pa mng'alu wautali, nthawi zina amaboola kabowo kakang'ono kumapeto kwake kuti usapitirire. Kachibenthu kamodzi kamatha pafupifupi mphindi 30. Kachipsera kochepa kamatsala ndithu, koma galasi limalimbanso.

Tizipangizo totere timagulitsidwanso m'masitolo ena a zida za galimoto, ndipo mayi wodekha angathe kutigwiritsa ntchito pa kachibenthu kakang'ono, atawerenga malangizo ake bwinobwino. Ngati mukukayika, pitani kwa mmisiri. Akulu anati safunsa anadya phula.

Komabe si galasi lililonse limene lingapulumuke. Amisiri ambiri amavomera kukonza chibenthu chosaposa masentimita 2.5, kukula kwa ndalama yachitsulo, kapena mng'alu wosapitirira masentimita 15. Mng'alu ukafika m'mphepete mwa galasi, ukaboola mpaka galasi la mkati, kapena ukakhala pamene dalaivala amayang'ana, galasilo lisinthidwe. Pamenepa musaumire. Galasi la kutsogolo limathandiza kuchirikiza denga galimoto ikagubuduzika, ndipo mng'alu umathobwa dalaivala m'maso dzuwa likamalowa, kapena usiku akakumana ndi nyali za galimoto ina. Mwana wodutsa msewu angathe kusaoneka chifukwa cha mng'alu umene tinkati ngwaung'ono. Amene muli ndi inshuwaransi, funsani ngati imalipirako galasi, chifukwa ina imatero.

Pomaliza, kupewa kuposa kuchiza. Pa msewu wa miyala, kapena pamene akukonza msewu, uzani dalaivala mwaulemu kuti achepetse liwiro ndi kutalikirana ndi lole ya patsogolo. Mukabwereka galimoto pa ntchito ya gulu, yang'anani galasi pamodzi ndi mwini wake musananyamuke, ndipo lembani m'buku la gulu chilichonse mwaona, kuti pobweza pasakhale kulozana zala.

Mayi wanzeru amasoka kachibowo ka malaya a mwana kasanakule. Galasi la galimoto tilisamale chimodzimodzi. Kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wa gulu lanu, ndipo mukawauzenso abambo kunyumba. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.