Fisi akudandaula kuti mbuzi zamanga khola

Akulu inu amene mumati Putin akungodziteteza, khalani pansi tikambirane. Mwanena m'minibasi, mwanena pabawo, mwanena mpaka malovu kuuma, ati NATO inamuputa dala pofika pakhomo pake. Chabwino. Nanga NATO imeneyi inalowa bwanji ku Poland? Inathyola chitseko? Inabwera ndi akasinja usiku? Ayi. Poland inachita kupempha, n'kulandiridwa mu 1999. Estonia, Latvia ndi Lithuania anachita kugogoda, n'kulowa mu 2004. Palibe anakokedwa pachingwe.

Ndiye funso limene mumalizemba lija ndi ili: ankathawa chiyani?

Mu Ogasiti 1939 Stalin ndi Hitler anagawana mayiko a eni ake mwamseri. Pa 17 Seputembala asilikali a Soviet Union analowa Poland kuchokera kum'mawa, a Germany atalowa kale kumadzulo. Mu 1940, ku Katyn ndi malo ena, anapha akaidi a ku Poland pafupifupi 22,000, ndipo Moscow inakana mlanduwo kwa zaka 50, ikuloza chala Hitler, mpaka inadzavomera mu 1990. Chaka chomwecho cha 1940 mayiko atatu a ku Baltic aja anamezedwa amoyo, ndipo mu 1941 ndi mu 1949 mabanja athunthu, agogo ndi makanda omwe, anapakiridwa m'mabogi a ng'ombe ulendo wa ku Siberia. Ena mwa ana amenewo akadali moyo. Inu mukufuna kuwauza kuti mantha awo anawaphunzira ku Washington?

Ndikudziwa chimene muyankhe. Muti nayonso Russia ili ndi zipsera. Zoona. Napoleon anafika mpaka mu Moscow mu 1812. Hitler anabwera mu 1941, ndipo Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni. Palibe munthu wabwinobwino angaseke chiwerengero chimenecho. Koma mwa akufawo mamiliyoni anali a ku Ukraine ndi ku Belarus, ndipo mumawaiwala dala. Komanso ndani wofuna kulanda Moscow lero? Estonia, dziko la anthu osafika 1.5 miliyoni, likaukire dziko la anthu oposa 140 miliyoni losunga mabomba a nyukiliya oposa 5,000? Akulu, tiyeni tizichitako manyazi. Fisi wadya mbuzi mudzi wonse ukuona, zotsala zamanga khola, lero fisiyo akuyenda kulira kuti kholalo likumuopseza, inu n'kumamupukuta misozi.

Taonani ndondomeko yake. Georgia sinali mu NATO, inamenyedwa mu Ogasiti 2008. Ukraine sinali mu NATO, inalandidwa Crimea mu 2014, ndipo pa 24 Febuluwale 2022 akasinja analunjika ku Kyiv. Ukraine yomweyi ndi imene mu 1994, ku Budapest, inavomera kupereka zida zonse za nyukiliya zimene inatsala nazo, Russia, America ndi Britain atasaina kuti adzalemekeza malire ake. Inapereka zida, inalandira pepala. Pepalalo lili kuti lero? Pomwe Latvia ndi Lithuania, amene nawonso anali m'manja mwa Moscow koma ali mu NATO, sanalowereredwe. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Ngati cholinga chinali kukankhira NATO kutali, ndiye Putin analira mvula n'kulandira matope. Finland, imene inataya Karelia kwa Stalin mu 1940 koma n'kupirira osalowa mgwirizano wa nkhondo kwa zaka zonse zija, inalowa mu Epulo 2023, n'kubweretsa malire a makilomita oposa 1,300 ndi Russia. Sweden, imene sinamenye nkhondo kuyambira 1814, inatsatira mu Marichi 2024. Anawakopa ndani? Anaona zimene zinachitika ku Bucha ndi Mariupol ku Ukraine, basi.

Musandiyese mneneri wa Azungu. America inanama za zida za Saddam n'kuphwasula Iraq mu 2003. NATO inaphulitsa Libya mu 2011 n'kuisiya bwinja, ndipo Sahel ikulirabe nazo. Mlandu umenewo sunaole. Koma ulipidwe ndi mwana wa ku Kharkiv ku Ukraine? Iyeyo anali ku Baghdad?

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti mawu oti Putin akungodziteteza akutuluka pakamwa pa ife a ku Afirika. Ife amene mayiko athu anadulidwa patebulo ku Berlin mu 1884, popanda mfumu yathu ngakhale imodzi kufunsidwa, lero tikuombera m'manja chiphunzitso chakuti dziko lalikulu lili ndi ufulu wosankhira anansi ake abwenzi! Ndiye Malawi, wopanda doko, wodalira Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, adzanena chiyani tsiku limene mnansi wamphamvu adzatchule chiphunzitso chomwechi? Kapena matani 20,000 a feteleza amene Russia inatipatsa mu 2023 ndiwo anatitseka pakamwa, titaiwala kuti nkhondo yomweyo inakweza mtengo wa feteleza ndi tirigu?

Mu Juni 2022 Putin anadziyerekeza ndi Peter the Great, nati mfumu imeneyi sinkalanda malo koma inkangobweza a kwawo, ndipo anatchula Narva. Narva ndi mzinda wa Estonia, wosiyana ndi Russia ndi mtsinje chabe. Mu Seputembala 2025 madroni a Russia analowa mumlengalenga mwa Poland, ndipo patangopita masiku ochepa ndege zake zankhondo zitatu zinalowa mwa Estonia. Pitani ku Tallinn, likulu la Estonia, akulu, mukawauze kuti akuchita mantha ndi zinthu zopeka.