Booster ya netiweki kumudzi: musanatulutse ndalama, ganizani kaye

M'midzi yambiri foni imagwira pachulu, pansi pa mtengo wa mango kapena pakona imodzi ya bwalo la sukulu. Nchifukwa chake achinyamata ambiri m'tauni akuganiza zogulira makolo booster kuti Mpamba ndi Airtel Money zizilowa osakwera chulu. Maganizo ndi abwino, koma ambiri angotaya ndalama.

Choyamba, booster sipanga netiweki ayi. Ili ndi zinthu zitatu: eriyo yapanja yomwe imakoka siginolo, kabokosi kokuza mphamvu, ndi eriyo yam'nyumba. Ngati panja palibe kalikonse, ikuza chiyani? Yesani kaye. Pa Android lowani Settings, About phone, kenako SIM status, muone nambala ya dBm. Ikakhala cha m'ma -90 kapena -100, booster ingathandize. Ikafika -120, iwalani basi.

Chachiwiri ndi ma frequency. Kuno manetiweki amadalira kwambiri 900, 1800 ndi 2100 MHz. Ma booster ambiri opangidwira msika wa America amagwira pa 850 ndi 1900. Wachibale akakutumizirani yotero, nyali iziyaka bwinobwino koma foni ili ziii. Funsani TNM kapena Airtel band yomwe nsanja ya kwanu ikugwiritsa ntchito.

Anthu a m'malire, nkhani yanu ndi ina. Ku Mchinji, Dedza, Mwanza kapena Muloza, foni imathawira yokha ku MTN ya Zambia, Vodacom kapena Movitel ya Mozambique. Booster siyang'ana mbendera, imakuza siginolo iliyonse yomwe ili mu band yake. Nsanja ya kutsidya ikakhala yamphamvu, mudzapezeka muli pa roaming muli m'nyumba mwanu momwe, mayunitsi nkumatha ngati mchere m'madzi. Gulani eriyo yoloza mbali imodzi, ija amati Yagi, muilozetse kunsanja ya kuno, ndipo pafoni musankhe netiweki pamanja, osati automatic.

Palinso lamulo. Zida zoterezi zimayenera kuvomerezedwa ndi MACRA. Booster yachabechabe, kapena yomwe ma eriyo ake ayandikana kwambiri, imalira ngati maikolofoni pafupi ndi sipika, ndipo phokosolo limasokoneza nsanja. Inu mukusangalala, mudzi wonse mafoni akuduka. Musaiwalenso magetsi: popanda ESCOM, muwerengere sola ndi batire.

Ngati vuto lanu ndi intaneti yokha, router ya 4G yokhala ndi eriyo yapanja ikukwanirani, ndipo sisokoneza wina aliyense.

Koma tinene zoona, booster ndi chigamba chabe. Lamulo la Communications Act la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund kuti mauthenga afike kumadera omwe makampani saonako phindu. Ndiye m'malo moti khomo lililonse lizigula kabokosi kake, bwanji osasonkhanitsa mayina, kudutsira kwa amfumu, khansala ndi phungu, nkulembera MACRA kupempha nsanja? Nsanja imodzi imagwira midzi ingapo, booster imathera pakhonde panu.