Makapisozi awiri a ku golosale si mankhwala a mayi woyembekezera

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga kuno ku Chongoni, lero ndikalipa pang'ono.

Mayi woyembekezera akangoti mkodzo ukuwotcha, madokotala amabadwa pomwepo. Wina ati ndi mauka, wina ati gulani Bactrim. Ndiye bambo athamangira ku golosale ku Linthipe, agula makapisozi awiri a amoxicillin ngati akugula maswiti. Chimene chimandiwawa n'chakuti ena mwa alangizi amenewa ndi aphunzitsi, ena anakhoza Biology pa MSCE. Zoona abale?

Nthendayi kawirikawiri imayamba ndi kachilombo ka E. coli kochokera m'matumbo, kamene kamalowa m'njira ya mkodzo. Mimba ikamakula, mkodzo suyenda bwino, choncho kachilomboka sikavutika kukwera kuchoka m'chikhodzodzo kufika ku impso. Zikafika pamenepo mayi amatentha thupi, msana kupweteka, mwana n'kubadwa masiku asanakwane. Amayi ena samva kalikonse pomwe tizilombo tilimo, n'chifukwa chake mu 2016 bungwe la WHO linati mkodzo wa oyembekezera uziyezedwa ku sikelo.

Nanga makapisozi awiri aja amachita chiyani? Ululu umazizira masiku angapo, mayi n'kumati wachira. Tizilombo tofooka tafa, tolimba tatsala, ndipo tikuswana popanda wopikisana nato. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin, anachenjeza kale za kumwa mankhwala operewera mu 1945. Ifeyo timaphunzitsa natural selection pa bolodi, tikaweruka n'kukaichita kunyumba!

Musati ndi nkhani za ku Ulaya. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anayeza magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 2003, E. coli wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anali 0.7 peresenti. Pofika 2016 anali 30.3 peresenti. Ceftriaxone ndiye jekeseni amene zipatala zathu zimadalira matenda akakula. Mayi wa impso zotupa akafika kuchipatala jekeseniyo n'kukanika, mudzamugulira chiyani ku golosale?

Komanso si mankhwala onse oyenera woyembekezera. Doxycycline amawononga mano a mwana. Bactrim amalimbana ndi folic acid yemwe amayi amapatsidwa ku sikelo. Amene dokotala anawalembera Bactrim pa chifukwa cha HIV asasiye ayi, nkhani yawo ndi ina.

Ndikudziwa mundiyankha kuti chipatala chili kutali, mzere ndi wautali, mwinanso mankhwala kulibe. N'zoona, ndipo boma lisabisale kumbuyo kwa wa golosale. Bungwe la PMRA liyendere misika ya kuno kumudzi. Koma inu bambo, ndalama ya makapisoziyo wonjezerani pang'ono mulipire kabaza. Mukafika ku sikelo pemphani kuti mayi ayezedwe mkodzo, ndipo mankhwala amene apatsidwe amwe mpaka tsiku limene dokotala wanena.