Umoyo Pantchito: Chishalo cha Njinga Chisasanduke Mdani

M'minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi ku Chipinge, m'dziko la Zimbabwe, momwe muli zidzukulu za Amalawi amene anapita kukafuna ntchito kalelo, njinga ndiyo miyendo ya banja. Imafikitsa nthochi pamsika wa Hauna, ndipo imapititsa antchito kumaesiteti a Tanganda monga Ratelshoek ndi Jersey. Koma zitunda, mabampu ndi thukuta zimanyula khungu la m'mphechepeche ndi kubutsa zithupsa. Wothyola tiyi akagona masiku atatu, makilogalamu ake amachepa, ndipo pakhomo ufa umaperewera.

Ambiri amakulunga chishalo ndi siponji kapena nsanza. Zimenezi zimasunga thukuta ndi kuwonjezera kukhulana. Chofunika kwenikweni ndi kutalika kwa chishalo. Wopalasa akaponda pedulo ndi chidendene, peduloyo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke popanda chiuno kupendekeka. Mphuno ya chishalo isaloze kumwamba kapena pansi. Kumbuyo kwake kukhale kotakata mokwanira kuti thupi litsamire pa mafupa awiri a m'matako, osati pamnofu wofewa wapakati. Sipanala imodzi imatha kukonza zambiri mwa izi.

Pamalo okumbika, wopalasa aziimirira pang'ono pamapedulo. Akafika asambe, avale kabudula wouma wopanda msoko wokhuthala. Vaseline pang'ono amachepetsa kunyuka. Chithupsa asachifinye, chikatupa thupi n'kutentha, kapena dzanzi likakhalitsa, athamangire kuchipatala, makamaka ngati amadwala shuga.