Injini Isanalire, Masilinda Akhale Ouma

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi a ZESCO ankathima maola ochuluka tsiku lililonse. Ku Kanyama, Chawama, Matero ndi George, zigayo ndi majenereta oyendera dizilo ndiwo anathandiza mabanja. Nafenso alimi timadalira injini zomwezi pothirira dimba ndi potengera ndiwo zamasamba kumsika wa Soweto. Injini yogwira ntchito motero imatha ma-injector ndi mapulagi otenthetsa, ndipo posintha zimenezi pali ntchito ina imene amakanika ambiri amaidumpha. Ife tikuti isadumphidwe.

Pochotsa ma-injector, dizilo ndi mankhwala ofewetsera dzimbiri zimadonthera m'silinda. M'nyengo ya dzinja, pamene Kanyama amasefukira, injini yosiyidwa yotsegula panja imamwanso madzi a mvula. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya mpaka utatsala m'kadanga kochepa kwambiri pamwamba pa pisitoni. Mpweya umalola kupanikizidwa, koma madzi ndi dizilo sizilola. Supuni zochepa chabe zikadzaza kadangako, pisitoni imagunda ngati yagunda mwala, ndipo mkono wake, umene amakanika amautcha con rod, umapindika. Ntchito ya tsiku limodzi imasanduka yophwasula injini yonse.

Njira yake ndi yosavuta. Tsukani mozungulira mabowo musanamasule chilichonse, kuti mchenga usagweremo. Tsekani njira ya dizilo. Mabowo akadali otsegula, yamwani zamadzimadzi ndi jakisoni wolumikiza ku kapaipi kofewa. Phimbani mabowowo ndi nsanza, ndipo zungulizani injini ndi sipanala kawiri kathunthu. Ikakakamira, imani, musaikakamize. Ikayenda bwino, izungulizeni ndi sitata masekondi ochepa, nkhope yanu ili kutali, mpaka nsanza italeka kunyowa. Mukatero mangani zatsopanozo ndi mawasha amkuwa atsopano, tulutsani mpweya m'mapaipi a dizilo, ndipo onani oyilo. Ngati wakwera kupitirira muyeso kapena wayera ngati mkaka, musinthe. Musayese n'komwe kufufuza podontha ndi chala injini ikulira, pakuti dizilo wa mphamvu yotero amaboola khungu.

Tikudziwa chimene ena angayankhe. Makanika wa m'komboni amalipidwa akamaliza ntchito, osati pa maola amene wathera, ndipo pachigayo amayi amakhala ali pamzere ndi matumba awo a chimanga. Mwini wake amawerenga ndalama zimene zikumudutsa. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Koma theka la ola silingafanane ndi masabata osagaya, kapena ndi matimati ofota m'dimba poyembekezera chitsulo chatsopano. Kuthamanga sikufika.

Tisaloze chala amakanika okha. Nthawi zambiri wowafulumizitsa ndife eni injini, ndipo ndifenso timanyinyirika pamtengo mpaka iwo atayamba kudula njira. Wofuna ntchito yabwino alipire nthawi yake.

Choncho inu amene mukuphunzira pano, ndi inu amene munatsiriza kale, imani pafupi injini yanu ikamakonzedwa. Asanamange ma-injector, funsani mwaulemu kuti: "Abambo, kodi masilinda mwawaumitsa?" Makanika wodziwa ntchito sakwiya ndi funso lotere.