Wailesi ya m'thumba yafika ku Benga: timvere ziti, tikhulupirire yani?

BENGA, Moatize — Aliyense amene amadutsa pa mlatho wa Kassuende m'mawa, kapena amene adaimapo pa mzere wa magalimoto a katundu pa chipata cha Zóbuè, waona kale chinthu chimenechi: dalaivala, mnyamata wa kabaza ndi mayi wogulitsa tomato, onse ali ndi kachingwe kukhutu kapena lamya yolira m'thumba. Ena akumvera nyimbo, koma ambiri akumvera anthu akulankhula. Funso limene tikufunsa lero ndi ili: kodi akulankhulawo ndani, ndipo tidawasankha tokha kapena angotigwera?

Chimene chafikachi dzina lake ndi podcast, dzina limene lidayamba kumveka m'chaka cha 2004. Kunena mwachidule, ndi pologalamu ya wailesi yojambulidwa kale ndi kuikidwa pa intaneti, imene munthu amatsitsa mu lamya yake, kapena kubaixar monga amanenera achinyamata kuno, n'kumvera nthawi imene wafuna. Pa wailesi ya masiku onse, ukachedwa kumunda ndiye kuti nkhani yakudutsa. Podcast imakudikira, ndipo pamene sunamvetse umabwereza. Paja amati mau a akulu-akulu akoma akagonera. Awa ndi mau ogonera m'thumba.

Kumva mochedwa n'kodula

Anthu a ku Benga akudziwa kuwawa kwa kumva nkhani mochedwa. Mgodi wa malasha wa kuno udayambidwa ndi kampani ya Riversdale. M'chaka cha 2011 kampani ya Rio Tinto idagula Riversdale ndi ndalama zoposa madola 3 biliyoni, ndipo mu 2014 idagulitsa migodi yake ya kuno kwa ICVL ya ku India ndi madola 50 miliyoni okha. Ku Moatize, Vale idasamutsa mabanja oposa 1,300 kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro m'zaka za 2009 ndi 2010, kenaka mu 2022 idasiya mgodi m'manja mwa Vulcan. Mabanja ochoka m'dera la mgodi wa Benga adapita ku Mualadzi. Malikulu a makampani amenewa ali kutali, ku London, ku New Delhi, ku Rio de Janeiro, ndipo nkhani zake zimatuluka m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi. Mwini munda amamva pomalizira.

Lamulo loyendetsa kasamutsidwe ka anthu, Decreto 31/2012, lidabwera anthu a ku Cateme atatseka kale njanji mu Januwale 2012 podandaula za nyumba ndi minda. Kuyambira mu 2013 bajeti ya boma imapatula 2,75% ya msonkho wa pa zokumbidwa kuti ibwerere ku midzi imene ili ndi migodi, ndipo Benga idalembedwa pa mndandanda umenewo. Kodi ndi angati m'mudzi mwathu amene angafotokoze m'mene ndalamayi imayendera, ndi amene amasankha ntchito yake? Nkhani yotere siimveka bwino ikanenedwa kamodzi pa mphindi ziwiri. Imafuna kumvera kawiri kapena katatu, pamodzi ndi anansi, pansi pa mtengo. Apa ndi pamene podcast ili ndi ntchito.

Za dziko ndi zochitika

Kwa amene amamva Chipwitikizi, wailesi ya ku Germany ya DW yakhala ikuika pa intaneti nkhani zake za maiko a mu Africa olankhula Chipwitikizi, pamodzi ndi sewero la Contra o Crime limene limakamba za mavuto a achinyamata. Wailesi ya ku France ya RFI nayo ili ndi gawo la Chipwitikizi. Kwa amene adaphunzira ku Malawi ndipo Chingerezi sichiwavuta, BBC ili ndi Focus on Africa. M'chinenero chathu, zambiri zimachokera kutsidya kwa malire: Zodiak, imene idayamba mu 2005, idatchuka ndi pologalamu ya mafunso ya Tiuzeni Zoona, ndipo MBC idazolowereka kuno kuyambira nthawi ya nkhondo, pamene anthu athu okwana 1 miliyoni adathawira ku Malawi mpaka mtendere wa pa 4 Okotobala 1992.

Koma tisaiwale zinthu ziwiri. Choyamba, wailesi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre imakamba za Malawi. Idzakuuzani mtengo wa chimanga ku Mwanza, koma siidzakuuzani za DUAT, chikalata cha malo anu ku Moatize. Chachiwiri, mau a kunja amatha kuzima tsiku lina lililonse. BBC idatseka gawo lake la Chipwitikizi cha mu Africa mu 2011, ndipo Voice of America idaimitsidwa mu Malichi 2025 molamulidwa ndi boma la United States. Palibe amene adafunsa omvera a ku Zóbuè. N'chifukwa chake malo oyamba ayenera kukhalabe a Rádio Moçambique, nthambi ya Tete, imene imaulutsa m'Chinyanja, m'Chinyungwe ndi m'Chisena, pamodzi ndi mawailesi a m'madera.

Za mpira

Mpira ndi nkhani imene imakoma ikamachitika, kotero masewero enieni amverereni pa wailesi, monga pa RM Desporto. Podcast ndi ya mawa lake, pamene anthu akhala pansi kukambirana chifukwa chimene timu yagonjera. Nkhani zokamba zilipo. União Desportiva do Songo idabweretsa chikho cha Moçambola m'chigawo chino mu 2017, mu 2018 ndi mu 2022. Mu Disembala 2025 ku Morocco, a Mambas motsogozedwa ndi a Chiquinho Conde adagonjetsa Gabon 3-2, kupambana koyamba kwa dziko lino pa mpikisano wa chikho cha Africa, ndipo adadutsa m'magulu. Ku Zóbuè nako, mkangano wa Bullets ndi Wanderers sufuna chiphaso podutsa malire.

Chenjezo ndi limodzi. Mapologalamu ena a mpira a pa intaneti cholinga chawo n'chokuitanirani ku juga ya pa lamya. Wolankhula akamatchula kampani ya kubetcha mphindi iliyonse ndi kulonjeza kuti akudziwa zigoli za mawa, dziwani kuti iye walipidwa kale, ndipo amene adzalipira pomaliza ndinu. Chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za nyimbo

Pologalamu yabwino ya nyimbo siingoimba, imafotokozanso mwini nyimbo ndi nthawi yake. Afropop Worldwide, ya m'Chingerezi, yachita zimenezi kuyambira mu 1988 pa nyimbo za mu Africa muno. Kucheza ndi oimba a ku Malawi ndi a ku Maputo kumapezeka kwambiri pa YouTube ndi pa Facebook. Amene akufuna kudziwa chifukwa chimene anthu adalirira malemu Azagaia mu Malichi 2023, kapena malemu Lucius Banda mu Juni 2024, adzapeza zambiri kumeneko.

Nanga zathu? Gule wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Moçambique ndi Zambia. Gule wa nyanga wa Anyungwe, woimbidwa ndi zitoliro za bango anthu akuvina mozungulira, adalembedwa ndi a Andrew Tracey mu 1971, ndipo nyumba yosungira nyimbo imene bambo awo a Hugh Tracey adayambitsa mu 1954 ili ku South Africa. Kutanthauza kuti mlendo adaona kufunika kosunga mau a makolo athu zaka zoposa 50 zapitazo. Lero lamya iliyonse ili ndi chojambulira mau, koma nkhalamba zoimba nyanga ndi valimba zikutha popanda wozijambula.

Za njinga

Ena adzadabwa kumva kuti kunja kuno kuli mapologalamu okamba za njinga zokha-zokha, monga The Cycling Podcast ya m'Chingerezi. Amakamba za mipikisano, ndipo Africa tsopano ili m'nkhani zimenezo. Mu 2024 a Biniam Girmay a ku Eritrea adapambana masiku atatu pa mpikisano waukulu wa Tour de France ndi kutenga malaya obiriwira. Mu Sepitembala 2025 mpikisano wa dziko lonse udachitikira ku Kigali, ku Rwanda, koyamba mu Africa, ndipo adapambana ndi a Tadej Pogačar a ku Slovenia. Mnyamata amene amakwera zitunda za ku Zóbuè ndi matumba a makala kumbuyo ali ndi ufulu wodziwa kuti miyendo yotereyi kwina imadyetsa banja mwa njira ina.

Komabe njinga ya kuno ndi galimoto ya mlimi, ndiponso ndiyo imanyamula wodwala kupita kuchipatala. Pologalamu imene tikusowa ndi yokamba za mtengo wa tayala ndi chubu mbali zonse ziwiri za malire, kamangidwe ka masipoko, mabuleki a njinga yonyamula katundu wolemera, ndi kufunika kwa nyali usiku pa msewu wa N7, pamene njinga imayenda limodzi ndi magalimoto akulu-akulu opita ku Malawi. Ku Quelimane kabaza ndi ntchito yodziwika mumzinda wonse. Anyamata a kumeneko ali ndi zambiri zoti angaphunzitsane ndi athu, atapezeka wowalumikiza.

Mamega ndi mphekesera

Chopinga chachikulu ndi ndalama. Mu Meyi 2024 achinyamata adayenda m'misewu ya Maputo kudandaula za kukwera kwa mtengo wa intaneti, mpaka boma lidaimitsa mitengo yatsopanoyo. Uphungu wathu ndi uwu: sankhani mau okha, osati kanema. Theka la ola la mau limadya pakati pa mamega 15 ndi 30, pamene kanema amadya kangapo kuposa pamenepo. Munthu mmodzi atsitse pamene rede ili bwino, ku Moatize kapena ku Tete, ndipo agawire anzake pa Bluetooth kapena pa kakhadi ka memori popanda kulipiranso. Chimene chatsitsidwa chimamveka ngakhale kumunda kopanda rede.

Koma njira yomweyi ndi imene mabodza amayendera. Mau ambiri amene amafika pa WhatsApp alibe dzina, alibe tsiku, alibe malo. Tikukumbuka za mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidafala kum'mwera kwa Malawi ndi mbali zina za dziko lino, anthu osalakwa n'kuphedwa. Kotero musanatumize mau kwa mnzanu, funsani mafunso atatu. Akulankhula ndani, ndipo watchula dzina lake ndi wailesi yake? Adajambula liti, popeza nkhani ya chaka chatha imatha kubwerera ngati ya lero? Kodi wapatsa mpata mbali inayo kuti iyankhe? Mau olephera mafunso atatuwa afere mu lamya yanu.

Wailesi musaitaye

Pali nkhani zina zosafuna kugonera. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka kugumula mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize, ndipo magalimoto adadalira njira ya kuno ku Benga. Chenjezo la madzi silingadikire kuti munthu akatsitse mawa. Ndiponso masankho a pa 9 Okotobala 2024 atatha, kumapeto kwa mwezi womwewo ndi mu Novembala, intaneti ya pa lamya inkadulidwa ndipo Facebook ndi WhatsApp zidatsekedwa kwa masiku. Amene adali atagulitsa wailesi yake adakhala mumdima, pamene wailesi ya mabatire inkalankhulabe. Lamya ndi wailesi ndi khasu ndi nkhwangwa, chilichonse ndi ntchito yake.

Pomaliza, tinene poyera chimene mndandanda wa pamwambawu ukuonetsa. Pa mapologalamu onse amene tatchula, ambiri ali m'zinenero za eni ake, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene idabadwira ku Benga. Kukonza zimenezi sikufuna ndalama zambiri. Mawailesi a m'chigawo chino amajambula kale mapologalamu a za ulimi, za malo ndi za umoyo m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe. Chotsala n'kuwasunga m'tizigawo tating'ono, tokhala ndi dzina la wailesi ndi tsiku koyambirira, kuti anthu azigawana. Lamulo la ufulu wodziwa zinthu, Lei 34/2014, limalola nzika kufunsa ku maofesi a boma za ndalama za anthu. Mtolankhani akafunsa za 2,75% ija, yankho lijambulidwe m'chinenero chathu ndipo lifike mu lamya ya mfumu, ya mphunzitsi ndi ya mayi wa pamsika.

Achinyamata a sukulu za sekondale za Moatize ndi Zóbuè nawonso ali ndi gawo lawo. Pitani kwa agogo amene adaona nkhondo ndi kubwerera kwawo, kwa amene adasamuka kupita ku Mualadzi, kwa woimba nyanga ndi kwa wokonza njinga pamsika. Pemphani chilolezo, tchulani tsiku, ndipo jambulani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tikapanda kutero, ana athu adzamva mbiri ya Benga kuchokera kwa amene adangodutsa pa mlatho.